Msewu Wafumbi wa Pakati pa Sinda ndi Petauke

Ulendo wa ku Lusaka sunali wanga. Unali wa amalume, a Mbewe, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo mwana wawo Esinati, amene anakwatiwa ku Lusaka, anati abwere akawachite opaleshoni kenako azikhala komweko, poti kumudzi ku Mkanda anali atatsala okha m'nyumba. Pankafunika munthu wowagwira dzanja pokwera ndi potsika. Abale anasankha ine. Osati chifukwa cha khalidwe ayi, pa Mkanda ngakhale agalu amadziwa kuti Limbani ndi wa mtima wapachala. Kungoti ndine ndekha amene ndinali ndi pasipoti komanso nthawi.

Ndinavomera msanga chifukwa ndinali ndi zanga mumtima. China chinali kamera. Chisiyireni sukulu mu Fomu 1, nditakangana ndi aphunzitsi pa nkhani imene lero sindiikumbukira n'komwe, ndapalasapo kabaza, ndagulitsapo mayunitsi, koma chimene chinandilowa m'magazi ndi kujambula mavidiyo. Ndimazungulira mumsika wa pa Boma la Mchinji, kucheza ndi akabaza, amayi a tomato, osoka nsapato, n'kumaponya pa intaneti. Anthu amaonera ndithu. Koma zonsezo ndinkachitira kafoni kong'aluka galasi, ndipo anyamata ojambula maukwati pa Boma anandipatsa dzina loti Wakafoni. Pa chinkhoswe china mmodzi anandikankha ndi chigongono, amvekere, "Tapatukani a Wakafoni, akuluakulu agwire ntchito." Tsiku limenelo anthu anachita kutilanditsa. Ndiye ndinagulitsa njinga yanga ndi mtedza wonse wa chaka chino, n'kunena kuti ku Lusaka ndikabwerako ndi chinthu choti anthu azipatuka okha.

China chinali mayi anga. Anamwalira ku Zambia ine ndikukwawa. Zimene ndinkadziwa ndi izi basi: anapita kukagwira ganyu m'minda ya thonje, anadwala, amalume anawalondola, ndipo anakawaika komweko chifukwa panalibe njira yobweretsera maliro kumudzi. Chithunzi chawo palibe. Manda awo palibe wa kwathu wina amene anawaonapo kupatula amalume, ndipo iwo nkhaniyi sankaiyamba. Ndili mwana ndikafunsa ankati ukadzakula. Nditakula ankati tsiku lina.

Tsiku linalo linafika akumanga katundu wawo. Osandiyang'ana, akukoka chingwe ndi mano, anati, "Mphwanga, msewu tikukwerawu ndi womwe uja. Tikamayenda ndikuuza za mayi ako. Ndikulozeranso pokhotera popita kumene anagona."

Munthu wanzeru akanangoti zikomo. Ine m'mutu munawala vidiyo. Ndinaona kale amalume atakhala pampando, kuwala kwabwino kukuwamenya kumaso, mawu akumveka ngati a pa wailesi, vidiyo yoyamba ya kamera yatsopano.

"Amalume, musunge," ndinatero. "Tikafika ku Lusaka ndikagule kamera yeniyeni, mukakhale bwinobwino, mukafotokoze zonse kuyambira poyamba."

Anaseka. "Ndisunge? Ukuyesa ndi chimanga choti ndithire mankhwala?"

Tinanyamuka pa Mkanda m'mawa pa kagalimoto ka matola. Kunyamuka kwake ndi kwa pakamwa, chifukwa tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kuyamba kuluma, dalaivala akuliza injini n'kuzimitsa, kuliza n'kuzimitsa, kunamiza anthu kuti akupita. Amalume anali ndi chikwama chimodzi, chipewa chawo chachikale, ndi thumba la mtedza wosasenda lopita kwa Esinati. Thumba limenelo ndi limene linayambitsa mkangano woyamba. Kondakitala anati lilipire ngati munthu.

"Munthu wake uti? Lili ndi miyendo?" ndinamufunsa.

"Likukhala malo a munthu, bwana."

"Ndiye ulifunse lokha ndalamayo!"

Tinakokanakokana mpaka amayi ena anayamba kudandaula kuti tikuwachedwetsa, ngati kuti tinkapita. Amalume anandikoka malaya. "Lipira, mphwanga. Thumbalo ndi lamanyazi, silingadziyankhire." Galimoto yonse inaseka, ine ndinalipira mtima ukuwira.

Amalume ndi otero. Akakhala pagulu, manja ali pa kanthu kena, nkhani zimangotuluka zokha ngati madzi a pa mjigo. Kuchokera pa Mkanda kukafika pa Boma anasimba za masiku awo ozembetsa shuga pa njinga kudzera njira za m'tchire, mmene tsiku lina anabisalira m'munda wa fodya n'kupezamo mnzawo atabisala kale, aliyense akuyesa mnzake ndi wapolisi. Anthu anaseka mpaka kuiwala fumbi ndi mabampu. Foni inali m'thumba mwangamu. Sindinaitulutse. Ndinkati zimenezi n'zabwino kwambiri, sizoyenera kafoni.

Pa Boma tinakwera takisi yopita kuchipata cholowera ku Zambia, yothinana moti bondo la munthu wina linali m'nthiti mwanga njira yonse. Titangotsika anatizinga anyamata osintha ndalama, aliyense ndi mpukutu wake m'manja, aliyense akulumbira kuti mnzakeyo ndi wakuba. Ndinasintha pang'ono, zotsalazo ndinazisiya m'sokosi momwe zinali. Mkati munali mzere wautali, madalaivala a mathiraki ndi mapepala awo, amayi a geni, mzungu mmodzi wofiira ngati phwetekere. Titafika pa kauntala, mkulu wa pamenepo analoza kakamera kokhala pa kamtengo.

"Madala, chotsani chipewa. Yang'anani apa. Osagwedezeka."

Mukanawaona amalume. Munthu amene amaseketsa galimoto yonse posachedwapa anavula chipewa, kuchigwira pachifuwa ndi manja awiri, kuwongola khosi, kutseka pakamwa, nkhope gwa ngati mtembo. Ngakhale mpweya anasiya kupuma. Mpaka mkulu uja anachita kunena kuti basi madala, zatheka.

Panja ndinawaseka. "Amalume, mumaopa kakamera kameneko?"

"Chinthu cha boma sachisekerera," anayankha akuvala chipewa. "Ine andijambulapo chithunzi cha chiphaso, cha mavoti, cha feteleza, cha kalabu ya fodya. Konseko mawu ake ndi amodzi: vula chipewa, khala chete. Ukaseka akuti wawononga, bwerera kumapeto kwa mzere."

Ndinaseka kwambiri. Anandiuza zonse zofunika pamenepo, pakhomo la ofesi, ine n'kungoseka.

Ku Chipata tinagona kwa achibale a malemu akazi awo, pafupi ndi msika wa Kapata. M'mawa mwake tinapita kokwerera basi zazikulu za ku Lusaka. Oitanira anatilanda chikwama m'manja tisanasankhe n'komwe basi, wina akukokera uku wina uko, ndipo ndinatsala pang'ono kumenya mmodzi. Mtengo umene anatiuza pansi si umene anatilipiritsa pakhomo. Titalowa, mlaliki anakwera, kulalikira, kupempherera matayala ndi mabuleki, kuyendetsa kambale, kutsika, basi ili pomwepo.

Tinapeza mpando wa anthu atatu. Ndinati amalume akhale kuwindo apume mphepo, koma anakana. "Kuwindo ukhale iwe. Ine ndimangoona chifunga. Lero maso anga ndiwe." Iwo anakhala pakati. Kumapeto kunakhala mayi wina wonenepa, wa ku Nyimba, amene anadzitchula yekha kuti Mayi Tembo, akuchokera kokapikula zitenje. Asanakhale n'komwe anali atafunsa kale kumene tikuchokera, kumene tikupita, ndi chimene chili m'thumbamo.

"Nshawa za ku Malawi? Nizalawako, atate, musabise."

Basi inanyamuka dzuwa litakwera. Cha ku Katete amalume anandigwedeza. "Mapiri akuoneka?"

"Akuoneka."

"Ndiye tayandikira dera limene anagona mayi ako. Chaka chimenecho ine ndinatsika pano, mvula ikugwa, ndalama itandithera…"

"Amalume, tinagwirizana. Musunge. Muno muli phokoso, nyimbozi, ana akulira, ngakhale nditajambula sizingamveke."

"Ndani wati ujambule?"

"Ndikuti musunge basi."

Anatembenuka, n'kuyamba kufunsa Mayi Tembo mtengo wa zitenje.

Titangopitirira Sinda pang'ono, basi inayamba kununkha ngati mphira wopsa. Kenako kutsogolo kunatuluka nthunzi, dalaivala n'kuimika pambali pa msewu. Kondakitala anati titsike kaye, ndi kanthu kakang'ono, manjemanje tinyamuka. Manjemanje wa ku Zambia ameneyo ndinamudziwa tsiku limenelo. Paipi ya madzi inali itaphulika, ndipo ina inkayenera kuchokera ku Petauke. Anaimba foni. Anati makanika wanyamuka. Patapita nthawi anaimbanso, anati makanika akudya kaye. Kenako anati akufuna njinga yamoto. Dzuwa linafika pamutu. Panalibe golosale, panalibe mjigo, tchire lokhalokha ndi mtengo umodzi wa mango umene tonse tinaunjikana pansi pake. Madzi a m'mabotolo anatha. Bambo wina wa tayi anakalipira dalaivala m'Chingerezi mpaka Chingerezicho chinamuthera, n'kupitiriza m'Chinyanja.

Ine ndinaona kuti apa pali vidiyo. Iyi inali yoyenera kafoni: basi yofa, anthu otopa, nthunzi. Ndinakhazika amalume pa thumba lawo pamthunzi, ine n'kuima patsogolo pawo, foni m'mwamba, basi ikuoneka kumbuyo kwanga.

"Anthu anga, muli ndi Limbani, lero tili ku Zambia, taonani mmene atitayira…"

Kondakitala anabwera akuthamanga. "Iwe boyi, usajambule basi yathu!"

"Basi yanu ndi iti? Iyi yafayi? Ndalipira ine!"

Tinatukwanizana mpaka dalaivala anamuitana. Ndinayambiranso, mtima uli m'mwamba. Ndili mkati moyankhula, ndinamva mawu a amalume kumbuyo, akulowa m'vidiyo yanga. Sindinamve zimene ankanena. Ndinangomva kuti vidiyo yanga ikuwonongeka kachiwiri. Ndinatembenuka.

"Amalume, tatontholani kaye! Simukuona ndikugwira ntchito?"

Onse amene anali pansi pa mtengo anatembenuka. Ngakhale bambo wa tayi uja anandiyang'ana. Amalume anangotsitsa dzanja limene anali atakweza, kuliika pa bondo.

Mayi Tembo anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mwana, aba ni amalume ako kapena ni wantchito wako?"

Manyazi akandigwira ine amasanduka ukali, ndiye ndinachoka. Chapatali panali chulu, ndinakwera pamenepo ati kusaka netiweki. Inapezekadi. Ndinakhala pachulupo n'kumaona zithunzi za makamera, iyi lenzi yake yaitali, iyi batire yake imakhalitsa, iyi akuti imaona ngakhale mumdima.

Ndili pamenepo ndinkawaona. Mayi Tembo anakhala pansi pambali pa amalume, osati kutsogolo kwawo, pambali, onse awiri akuyang'ana kumsewu. Anamasula pakamwa pa thumba, anatapa mtedza, anayala chitenje pamiyendo, n'kuyamba kusenda. Anawapatsako amalume. Kwa nthawi ndithu zala zokha ndizo zinkagwira ntchito. Kenako ndinaona chipewa cha amalume chikukankhidwira kumbuyo, chizindikiro chimene ndimachidziwa bwino. Dzanja linayamba kuyenda m'mwamba, kuloza kumadzulo, kujambula phiri, kujambula mtsinje. Mayi uja sankafunsa zambiri. Ankangogwedeza mutu, maso ali pa mtedza. Nthawi ina onse anaseka mpaka mayiyo anamenya bondo. Nthawi ina amalume anapukuta nkhope ndi chipewa, mayiyo n'kusiya kusenda. Ine ndinkayesa akukamba za mitengo ya mbewu.

Makanika anafika dzuwa litapendeka, paipi ataikoleka m'khosi ngati mkanda. Anamanga, anathira madzi amene ana a m'mudzi wapafupi anatigulitsa, tinakwera. Ndinakhala kuwindo kuja, koma ndinali ndisanakhululuke, kaya ndinkakwiyira ndani. Ndinatseka makutu ndi mahedifoni, mutu n'kuuweramitsira pa foni, ndikuonera mzungu wina akuyerekeza makamera awiri.

Titayenda pang'ono, dzanja la amalume linagwira bondo langa n'kufinya.

Ndinachotsa hedifoni imodzi, maso ali pa foni. "Chiyani?"

Anachotsa dzanja. "Palibe, mphwanga."

Ndinabwezera hedifoni.

Pa mphambano ya Petauke ogulitsa anazinga basi akufuula. Amalume anafunsa ngati ameneyu ndi Petauke. Ndinati ee. Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

Mayi Tembo anatsika pa Nyimba, pamene nthochi zimalowa m'basi kudzera m'mawindo. Anatsanzikana ndi amalume ndi manja awiri, anawagulira phava la nthochi. Atatsitsa mitolo yake anabwera pansi pa windo langa n'kugogoda galasi. Ndinatsegula.

"Amalume ako ati ukali uyu unatengera amai ako," anatero. "Nauona. Koma beve, amai akowo, anali kudziwa munthu womukalipira."

Ndinatulutsa mutu pawindo. "Akuuzani za mayi anga? Akuuzani chiyani?"

Kondakitala anamenya chitsulo cha basi, injini inalira. Mayiyo ananena kanthu kena koma sindinamve, ndinangoona pakamwa pakuyenda. Dzina lake loyamba sindilidziwa. Nambala sindinatenge. Kwinakwake ku Nyimba kuli mayi wogulitsa zitenje amene amadziwa za mayi anga kuposa ine.

Kuchokera pamenepo msewu ndi mapiri okhaokha, kukhota ndi kutsetsereka, kutentha ngati mu uvuni. Pa mlatho wa Luangwa anatiuza tibise mafoni, poti pamenepo saloleza kujambula. Kutsidya kwake anthu anatsika kukagula nsomba zouma ndi madengu. Ndinafunsa amalume ngati akufuna chakumwa, anapukusa mutu, maso ali otseka. Kaya anali mtulo, kaya ayi. Ine ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe chatayika. Nkhani ili m'mutu mwawo, mawa kamera ikhala m'manja mwanga.

Ku Lusaka Esinati anatichingamira ndi amuna ake, a Sakala, munthu wofatsa, woyankhula ngati akupepesa. Esinati ndi msuweni wanga, ndiye chipongwe ndi moni wathu.

"Mwamuna wanga wa ku Mkanda! Wandibweretsera chiyani, fumbi lokhali?"

"Ndabwera kudzakutenga. A Sakala asunga mokwanira."

A Sakala anangomwetulira n'kunyamula thumba la mtedza. Kwa apongozi awo anagwada pa simenti ya pa depoti, anthu akudutsa, n'kupereka moni maso ali pansi.

M'mawa mwake a Sakala anandiperekeza m'tauni, ku kashopu ka pamwamba pa nyumba ina, kogulitsa makamera ogwiritsidwapo kale ntchito. Mwini wake anali mnyamata wa ndevu, wosathamangira kugulitsa. Anandifunsa chimene ndimajambula.

"Anthu. Kucheza nawo."

"Anthu a bwanji? Oimba? Andale?"

"Anthu wamba. A mumsika, a kumudzi. Madala."

Anatsegula kabati n'kutulutsa kanthu kakang'ono, kolowa m'thumba la malaya, kagalasi kake kotembenuka kuti uzidziona wekha, pamwamba pali kamaikolofoni kovala ubweya. "Tenga aka. Ukaika pa tebulo, pakapita nthawi munthu amaiwala kuti kalipo. Mawu kamagwira bwino. Pa ntchito yako mawu ndiye zonse, boyi. Chithunzi chikaipa anthu amapirira, mawu akaipa amathawa."

Ndinakayang'ana. Kanali kochepa kuposa foni yanga. Ndinaona kale anyamata a pa Boma akugwa ndi phwete: Wakafoni wabwerako ku Lusaka ndi kabokosi ka machesi.

"Nanga iyo?" Ndinaloza chikamera chakuda pashelefu yapamwamba, lenzi yake ngati mtondo.

"Iyo ni ya mpira na nyama za m'tchire. Yolemera, batire yake yatopa, ndipo ukailozetsa kwa munthu amaona monga ufuna kumuwombera."

"Mukuona ngati sindingakwanitse kugula?"

"Sininakambe za ndalama."

"Tsitsani imeneyo."

A Sakala anatsokomola pang'ono. Ndinagula chikameracho, miyendo yake itatu, nyale, ndi kamaikolofoni kopanira pa kolala. M'sokosi munatsala ya basi yobwerera yokha. Potsika masitepe ndinachikoleka m'khosi, ndipo ndinaona anthu akundipatukira. Ndisaname, ndinamva kukoma.

Masana omwewo ndinakonza malo pabwalo la Esinati ku Mtendere. Mpando wa pulasitiki pakati penipeni, kamera pa miyendo yake moyang'anizana ndi mpandowo, nyale pambali. Amalume atamva kuti nthawi yakwana anapempha jekete, a Sakala n'kuwabwereka tayi. Ndinati sizofunika, anati ayi, sangaime pamaso pa chinthu chotere ndi malaya a paulendo. Anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. A Sakala anaima chapatali pafupi ndi khomo, manja kumbuyo. Ndinawapanira amalume kamaikolofoni, ndinayatsa nyale, ndinabisala kuseri kwa kamera.

"Yang'anani apa, amalume. Tayamba."

Anavula chipewa. Anachigwira pachifuwa ndi manja awiri. Khosi linawongoka.

"Dzina langa ndine Mbewe, wochokera kwa Mkanda, boma la Mchinji. Ndathokoza."

"Ayi, masukani. Valani chipewa. Muziyankhula ngati mmene mumayankhulira. Tandiuzani za mayi anga."

"Anali mlongo wanga."

"Ee, ndiye?"

"Anadwala. Anamwalira. Tinaika."

"Amalume, fotokozani bwino. Munayenda bwanji? Munawapeza ali bwanji? Anati chiyani?"

"Ndinayenda pa basi."

Ndinazimitsa, ndinayambiranso. Ndinasuntha nyale. Ndinawauza aseke pang'ono. Anaonetsa mano ngati munthu amene dokotala akumuyeza m'kamwa, ana a pampanda n'kuseka. Thukuta linkatsika m'tayi muja. Ndinafunsanso, anayankhanso mawu atatu omwe aja, ndendende, ngati akuwerenga. Kenako kachizindikiro ka batire kanayamba kuphethira mofiira, ndipo mutu wanga unaphethira nawo.

"Ndagulitsa njinga yanga chifukwa cha zimenezi? Mayi wosamudziwa wa m'basi mwamukhuthulira zonse, ine mwana wake mukundiyankha ngati muli kupolisi! Mwandinamiza moyo wanga wonse, ukadzakula, ukadzakula, lero ndakula mwasanduka chitsa!"

Mawu anga anagunda mpanda n'kubwerera. Mitu ya pampanda inazimiririka umodziumodzi. A Sakala anayang'ana pansi, anatembenuka, n'kutuluka pageti mwakachetechete, chifukwa mkamwini saima n'kumaonerera apongozi ake akunyozedwa ndi mwana. Kutuluka kwawoko ndi kumene kunandidzidzimutsa. Ndinali nditawavula amalume pamaso pa munthu amene dzulo lake anawagwadira pa depoti, m'nyumba imene azikhalamo mpaka imfa.

Amalume anapapasa pa kolala, anamasula kamaikolofoni mosamala kuti kasathyoke, anakaika pampando. Anamasula tayi, anaipinda. Kenako anatambasula dzanja kufuna khoma, ndipo amene analigwira dzanjalo ndi Esinati, osati ine.

Atawalowetsa anabwerera. Panalibe za mwamuna wanga tsopano. "Limbani, zimitsa chinthu chakocho. Mawa upume, mkuja uzipita."

M'mawa ndinawapeza pakhonde, atakhala pa mkeka, akusenda mtedza wotsala uja m'lichero. Kamera ndinaisiya m'nyumba. Ndinakhala pansi pambali pawo, ndinatapa mtedza, ndinayamba kusenda. Kupepesa kwanga kunatuluka kopindikapindika. Anati zatha, mphwanga, mtedzawu uli ndi anankafumbwe, uzisankha.

Tinasenda. Sindinafunse kanthu, chifukwa manyazi anali atanditseka pakamwa. Ndipo mukudziwa, patapita nthawi chipewa chinakankhidwira kumbuyo. Anayamba okha. Anati mayi anga anali wamfupi, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Anati kapitawo wa pa munda wa thonje uja anabera amayi anzawo pa sikelo, iwo anamulanda sikeloyo n'kukaiponya m'chitsime, amuna onse akuonerera. Anati atawapeza ali gone pa mphasa, mawu oyamba anali owakalipira kuti wabwera wopanda mwana bwanji. Anaseka ponena zimenezo, kenako anasiya kuseka. Ine makoko a mtedza ndinkawaona awiriawiri.

Panalibe chojambulira chilichonse pafupi. Zimene ndalemba apazi ndi zimene mutu wanga unagwira, ndipo mutu wanga ndi uja unalephera Fomu 1.

Nditaona kuti apuma, ndinafunsa motsitsa. "Nanga pokhotera paja, amalume? Mundiuze, pobwerera ndikatsike."

Anapukusa mutu. "Pakamwa sindingathe. Mudziwo dzina lake linandithawa kalekale, ndipo chikwangwani panalibe. Malo aja ndimawadziwa ndi thupi. Basi imatsetsereka, imagunda kamlatho, imayamba kukwera, ndiye pomwepo pali msewu wafumbi. Ndinkati tikafika ndikugwire bondo, iwe uone ndi maso akowo, usunge."

Anaswa mtedza wina, anauponya m'lichero.

"Ndinakugwiratu."

Anapitiriza kusenda. Kenako anati msewu umenewu iwo sadzaukweranso, msana wakana, ndipo Esinati sangalole.

Pobwerera ndinali ndekha, chikamera chili pamiyendo, cholemera ngati mwana wa mbuzi. Titawoloka Luangwa ndinatsegula foni kuti ndifufute vidiyo ya basi yofa ija. Ndinaionera kaye. Nkhope yanga yadzaza galasi lonse, ndikulalata za kondakitala. Kuseri kwa phewa langa kukuoneka chipewa ndi dzanja lokwezedwa, ndipo pansi pa mawu anga pakumveka ena, odekha: "Mphwanga, tikanyamuka pano ukhale maso. Si patali. Tikangodutsa kamlatho uyang'ane ku dzanja la…" Kenako nkhope yanga ikutembenuka. Zotsatirazo mukuzidziwa. Sindinaifufute. Ndi vidiyo yokhayo imene ndili nayo ya amalume akuyankhula ngati amalume.

Titadutsa mphambano ya Petauke ndinatsegula windo, ndinatulutsa lenzi ija. Msewu wafumbi woyamba unali kumanja, ndinajambula. Wina kumanzere, ndinadumpha miyendo ya munthu kukajambulira windo linalo, anthu akudandaula, ine osawayankha, koyamba m'moyo wanga. Wina wa chigayo pakona. Wina wa ngolo ya ng'ombe. Wina wopanda kanthu, wongolowa m'tchire. Kamera ija ndi yabwino, ndisainamizire, zithunzi zake mumaoneka ngakhale mapazi a mbuzi pafumbi. Ndili nayo misewu yonseyo mpaka lero, yowala bwino, ndipo umodzi mwa iyo ndi wa mayi anga.

Batire itatha ndinakhala pansi n'kutseka maso, kuti mwina thupi langa lingamve zimene amalume ankamva. Ndinaiwala kuti pobwerera chitunda chimasanduka chitsetse. Basi inatsetsereka, inagunda kamlatho, inakwera. Ndinatsegula maso, panali msewu wafumbi. Tisanapite patali inatsetserekanso, inagundanso kamlatho kena, panalinso msewu wina. Ndinagwira bondo langa ndekha, ndikufinya, mpaka kondakitala anamenya chitsulo n'kufuula kuti otsika pa Sinda ayandikire kukhomo.